MKONONO WODUKIZA: Mau amene analankhulidwa pa chikondwerero cha amayi ku Salima

 Ife taima panofe ndife anzanu amene tinagwirako nchito ya unamwino. Atatipempha kuti tilankhule za umoyo wa m'banja pa tsiku lalikulu lino, tinakhala pansi nkufunsana kuti tinene chiyani. Za malungo mwazimva kambiri, za likodzo nazonso simusoŵa woti akuuzeni pokhala ndinu eni nyanja. Tsono tinasankha nkhani imene anthu saipita nayo kuchipatala chifukwa imaseketsa, ndiyo ya mkonono.

Taonani, mwayamba kale kuseka. Tonse tinagonapo pa maliro kapena m'kalasi pa msonkhano, mphasa zitagundana, ndipo kutacha timanong'onezana kuti, "Kodi amene amayendetsa chigayo usiku uja ndani?" Mwini wakeyo amachita manyazi, ulendo wina amakagona kumapeto pafupi ndi khomo. Kunyumba nako ambiri a ife tinazoloŵera kugwedeza mnzathu pakati pa usiku nkunena kuti, "Bambo, tembenukani." Mkonono wambiri ulibe choopsa, umangosoŵetsa tulo wogona pambali. Koma ulipo wina umene tikufuna kuti muudziŵe bwino, pakuti amene amauona ndinu, osati mwini wake.

Mkonono umenewu umayenda chotere. Munthu amaliza mkonono waukulu, kenaka mwadzidzidzi zii. Mukamuyang'ana muona chifuwa ndi mimba zikukankha monga akupuma, koma mpweya suloŵa. Pakapita kanthaŵi amadzidzimuka ndi phokoso ngati wotsamwa, napuma mothamanga, nkuyambanso mkonono. Posachedwa zii uja abweranso. Zimatero usiku wonse. M'maŵa mukamufunsa akuuzani kuti anagona bwino, sakumbukira kanthu. Madokotala amatcha matendaŵa obstructive sleep apnea, ndiko kunena kuti kutsekeka kwa njira ya mpweya munthu ali m'tulo. Ife lero tingoti mkonono wodukiza.

Chimene chimachitika n'chakuti tikagona minofu yonse imafooka, ya kukhosi yomwe. Lilime ndi mnofu wofeŵa wa kumwamba kwa kamwa zimagwera kumbuyo. Kwa anthu ambiri njira imatsalabe yokwanira. Koma ngati khosi lazingidwa ndi mafuta, kapena chibwano n'chachifupi, kapena m'kati muli zotupa, njirayo imaphwatalala monga paipi ya mphira imene munthu waiponda. Mpweya wabwino umachepa m'magazi, ubongo umachita mantha nkumudzutsa munthuyo pang'ono kuti atsegule khosi, ndipo mtima umagunda mwamphamvu. Madokotala amaŵerenga kudukiza kulikonse kokwana masekondi 10 kapena kupitirira. Kukachitika kasanu mpaka ka 14 pa ola limodzi amati matenda ngochepa, ka 15 mpaka ka 29 ngapakati, ndipo kuyambira ka 30 pa ola ngaakulu. Taganizani munthu wodzutsidwa ka 30 pa ola, kwa maola 7, chaka ndi chaka. Akatswiri ena anaŵerengera m'chaka cha 2019 kuti pa dziko lonse anthu okwana 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 ali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sadziŵa.

Usana munthu wotere amaoneka. Amadzuka mutu ukuŵaŵa, kukamwa kuli gwa. Usiku amadzuka kaŵirikaŵiri kukataya madzi. Akangokhala pansi, kaya pa mkeka, kaya pa benchi pa msonkhano, amaodzera. Amaiŵalaiŵala, amapsa mtima msanga, ndipo popeza tili tokhatokha amayi tinene kuti mphamvu za m'banja nazo zimachepa. Ife timafulumira kunena kuti bambo aŵa ndi aulesi, kapena akalamba, kapena pali wina akuwapanikiza usiku. Pamene zikutero, kuthamanga kwa magazi kumakwera ndipo sikumvera mankhwala, shuga amavuta, ndipo ngozi ya sitiroko ndi matenda a mtima imakula.

Kuno kwathu pali china choonjezera. Amuna athu ambiri nchito yawo siilola kuodzera. Ena amayendetsa minibasi ndi malole a nsomba pa mseu wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 okhala ndi zitunda ndi makona. Ena ali pa njinga zamoto tsiku lonse. Ena amapalasa bwato usiku kukaunika usipa ndi nyali, nkumagona usana kukutentha. Mmodzi wa ife anali ndi mlamu wake woyendetsa lole, munthu wamkulu thupi, wosalaŵa moŵa n'komwe. Mkazi wake anakhala zaka zambiri akumugwedeza usiku, osauza munthu, chifukwa za kuchipinda sizituluka pakhomo. Tsiku lina masana dzuŵa likuswa mtengo, lole linasiya mseu nkukaima m'munda mwa eni ake. Mwamwayi sanafe munthu. Mwini galimoto anati waledzera namuchotsa nchito. Mkazi uja ndiye anadziŵa chimene chinachitika, koma anachinena nchito itatha kale.

Tichenjezane pang'ono pano. Kuodzera usana sikuti nthaŵi zonse ndi mkonono. Anansi athu a ku Nkhotakota amadziŵa matenda a kaodzera obwera ndi ntchentche ya kashembe. Munthu amene anapita kufupi ndi nkhalango, nayamba kutentha thupi, mutu ndi kugonagona m'masabata ochepa, ameneyo athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kuchepa kwa magazi ndi shuga nazonso zimafoola. Mkonono wodukiza umabwera pang'onopang'ono, pa zaka, ndipo sutenthetsa thupi.

Nanga tichite chiyani? Choyamba n'kupita kukaonana ndi adokotala, ndipo mupite nonse aŵiri, chifukwa mboni ndinu. Kuyeza kwathunthu kumafuna makina olumikiza m'thupi usiku wonse, amene sapezeka m'zipatala zathu zazing'ono. Koma lero m'nyumba zambiri muli foni. Jambulani mphindi zingapo mnzanu akudukiza mpweya, mukawaonetse adokotala. Tikupemphani chimodzi: muwauze bambo musanajambule, ndipo chithunzicho chisapite kwa wina aliyense. Mwamuna akaona kuti wasanduka choseketsa pa mudzi, za chipatala mwaziiŵala. Ambiri akadziona okha pa foni akulimbana ndi mpweya amakhala chete, ndipo m'maŵa mwake amavala nsapato okha. Kuchipatala akayeza magazi kuthamanga, shuga, kulemera, ndi kukula kwa khosi. Khosi lopitirira masentimita 40 pozungulira ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene madokotala amayang'ana. Kachipangizo kopana chala kaja tinakadziŵa m'nthaŵi ya COVID-19 kamathandizanso: munthu wabwinobwino kamaonetsa 95 kapena kuposa, koma wodukiza mpweya kamatsika pansi pa 90 ali m'tulo.

Mankhwala oyamba ali m'manja mwathu, ndipo ena a inu simuwakonda. Ndiwo kuchepetsa thupi. Tinakula tikumva kuti mwamuna wonenepa ndiye kuti mkazi wake amadziŵa kusamala, ndipo mkazi akaonda anthu amayamba kufunsana kuti kodi akudwala chiyani. Mantha ameneŵa tikuwadziŵa, sitikuwapeputsa. Koma mafuta amene amaoneka pa mimba aliponso m'lilime ndi m'mbali mwa khosi. Kafukufuku wina wa ku Wisconsin, ku America, amene anasindikizidwa m'chaka cha 2000, anapeza kuti munthu akatsitsa gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kudukiza kwa mpweya kumachepa ndi magawo pafupifupi 26 pa 100, ndipo akaonjezera kulemera chimodzimodzi kumakwera ndi magawo 32 pa 100. Ndiye kuti bambo wa makilogalamu 90 akafika pa 81 wapindula kale kwambiri. Sitikunena zogona ndi njala ayi. Mitanda ya nsima ikhale iŵiri m'malo mwa inayi, nkhwani, bonongwe ndi chisoso zichuluke m'mbale, nsomba ikhale yophika kapena yootcha koposa yosambira m'mafuta, ndipo masupuni a shuga mu tiyi achepe pamodzi ndi mandasi. Amene timagwira chipande ndife, koma zimayenda bwino ngati banja lonse lidya chimodzimodzi, osati bambo okha kupatsidwa mbale ya odwala.

Moŵa wa madzulo umafooketsa minofu ya kukhosi koposa, ndiponso umagonetsa ubongo kotero kuti uchedwa kumudzutsa munthu mpweya ukaima. Kachasu, masese, wa m'botolo, onse ndi amodzi pa nkhaniyi. Choopsa china ndi mapiritsi ogonetsa monga diazepam, amene ena amagula kuti apeze tulo tabwino poona kuti akudzuka otopa. Kwa munthu wa mkonono wodukiza mapiritsi otere amakulitsa matenda. Ndipo ngati munthuyo akupita ku opaleshoni iliyonse, auzeni adokotala ogonetsa za mkononowo asanayambe. Fodya amatupitsa njira ya mpweya. Utsi wa nkhuni ndi wa poŵamba nsomba umatseka mphuno, ndipo mphuno yotseka imakulitsa mkonono. Kutsuka m'mphuno ndi madzi oŵiritsa ozizira othira mchere pang'ono kumathandiza ena.

Kagonedwe nako. Anthu ambiri amadukiza mpweya makamaka akagona chagada, pakuti lilime limagwera kumbuyo. Nchifukwa chake "Bambo, tembenukani" uja amagwira nchito, koma inu simungakhale mlonda usiku uliwonse. Madokotala a kunja amalangiza kusokerera mpira waung'ono kumsana kwa malaya ogonera. Ife mpira tiutenga kuti? Sokani kathumba kumsana kwa malaya akale, muikemo chitsononkho. Akafuna kugona chagada chimamubaya pang'ono, natembenukira cham'mbali osadzuka. Kukweza bedi kumutu ndi njerwa kumathandizanso. Njira imeneyi ngokwanira kwa amene matenda awo ngochepa. Kwa amene ali ndi aakulu ingochepetsa, siichiza.

Tsono tifike pa makina. Ambiri a inu amene munachezetsapo ku chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane munaona kamwana kali ndi timapaipi m'mphuno, pambali pali botolo la madzi likuchita thovu. Makina amenewo dzina lake ndi Pumani. Anawakonza a sukulu ya Rice University ya ku America pamodzi ndi madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, anayamba kuwayesa kumeneko m'chaka cha 2012, ndipo pambuyo pake anafika m'zipatala zambiri za boma. Oyamba aja anawapanga ndi timapampu topopera mpweya m'mabokosi a galasi oŵeteramo nsomba. Nchito yake n'kukankha mpweya pang'onopang'ono, mosalekeza, kuti njira isaphwatalale. Nzeru yomweyo ndiyo imachiza akulu a mkonono wodukiza, ndipo makina ake amatchedwa CPAP. Dokotala wa ku Sydney, ku Australia, dzina lake Colin Sullivan, ndiye anaonetsa m'chaka cha 1981 kuti mpweya wopopera m'mphuno umatsegula khosi la munthu wamkulu ali m'tulo. Izi zisanadziŵike, odwala kwambiri ankabooledwa pakhosi nkuikidwa paipi yopumira.

Makina a akulu ndi kabokosi kokhala pambali pa bedi, kokhala ndi paipi ndi chovala pamphuno chomangira kumutu. Mwa njira zonse iyi ndiyo yamphamvu. Usiku woyamba womwe mkonono umaleka, ndipo ambiri amadzuka nkunena kuti anali ataiŵala kuti tulo timakoma chotere. Koma tinene zoona zake zonse. Makinaŵa sachotsa matenda, amangogwira khosi usiku umene mwawavala. Mukawasiya, mkonono ubwerera. Masabata oyamba amavuta: mphuno imauma, chovalacho chimathina, ndipo kuno kotentha m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala munthu amafuna kuchivula pakati pa usiku. Apa ndi pamene mau a mkazi amalemera. Mukaseka kuti bambo akuoneka ngati njovu, maŵa makinawo muwapeza m'katoni pansi pa bedi. Chovala ndi paipi zimafuna kutsuka ndi sopo kaŵirikaŵiri, ndipo mphamvu ya mpweya aziika ndi adokotala, osati kungobwereka makina a mnansi.

Palinso nkhani ya ndalama ndi magetsi. Makinaŵa amachokera kunja ndipo mtengo wake ngokwera. Ngakhale boma lathu lino la Salima lili ndi munda waukulu wa magetsi a dzuŵa wa mamegawati 60 umene unatsegulidwa m'chaka cha 2021, nyumba zambiri za m'midzi yathu zilibe magetsi, ndipo kumene aliko amazima. Chotonthoza n'chakuti CPAP sadya magetsi ambiri, ndipo ambiri mwa makinaŵa amatha kuyendera batire yodzazidwa ndi sola. Amene muli ndi ana ku Johannesburg kapena kwina, ndipo adokotala anena kuti makina akufunika, iyi ndi mphatso yoposa wailesi yakanema. China choti mudziŵe: kafukufuku wamkulu wa m'chaka cha 2016, wa anthu oposa 2,700 odwala kale mtima kapena sitiroko, anapeza kuti makinaŵa anachepetsa kuodzera ndi kukonza umoyo wa tsiku ndi tsiku, koma sanachepetse kudwalanso mtima ndi sitiroko. Anthuwo ankawavala maola ongopitirira pang'ono atatu pa usiku, ndipo mwina ndicho chifukwa chake. Tsono amene ali pa mankhwala a kuthamanga kwa magazi asawasiye poti wapeza makina.

Kwa amene matenda awo ngochepa kapena apakati, kapena amene makina awakanika, ilipo njira ya kachipangizo kovala m'kamwa usiku, kamene kamakokera chibwano cham'munsi kutsogolo pang'ono, lilime nkutsatira. Amakapanga ndi dokotala wa mano atayeza kamwa la munthuyo, ndipo kamafuna mano olimba. Sikafuna magetsi. Opaleshoni yodula minofu ya kukhosi kwa akulu iliko, koma imathandiza ena, ena ayi, ndipo madokotala saithamangira. Ku maiko olemera aliko kachipangizo koika pansi pa khungu kogwedeza mtsempha wa lilime, kamene America inakavomereza m'chaka cha 2014, ndi jekeseni wochepetsa thupi wotchedwa tirzepatide amene anavomerezedwa kumeneko pa matendaŵa mu Disembala 2024. Tazitchula kuti mukazimva musadabwe. Mtengo wake si wa thumba la ambiri a ife.

Ife amayi tisadzichotsemo. Pa unyamata matendaŵa amachuluka mwa amuna, koma mkazi akasiya kusamba ngozi yake imakwera kuyandikira ya amuna. Ndipo ife zizindikiro zathu zimabisala: kutopa kosatha, kusoŵa tulo, mutu wa m'maŵa, kukhumudwa. Amene ali amasiye amagona okha, palibe wowamva. Ndiye pa maliro paja, mukamva mnzanu akudukiza mpweya, m'malo monong'onezana mutengereni pambali m'maŵa nkumuuza mwaulemu kuti, "Amayi, usiku ndinakumvani, mpweya umaima. Tiyeni tikaonetse." Mayi woyembekezera amene wayamba mkonono waukulu anene ku sikelo, chifukwa zimayendera limodzi ndi kukwera kwa magazi.

Tatsala ndi ana, ndipo apa tikhalapo pang'ono pakuti ambiri a inu mukulera adzukulu. Mwana sayenera kuliza mkonono usiku uliwonse. Akamatero alibe chimfine, akamagona kukamwa kuli yasa, khosi atalipinda chambuyo, akutuluka thukuta ndi kugubuduka, pali chimene chatseka njira. Kaŵirikaŵiri ndi timinofu tiŵiri ta m'mbali mwa khosi timene madokotala amati tonsils, ndi kena kobisika kuseri kwa mphuno kotchedwa adenoids. Timakula kwambiri pa zaka ziŵiri mpaka 8. Mwana wotere saodzera usana monga akulu. M'malo mwake amakhala wosakhazikika, wosamva, m'kalasi sagwira kanthu. Ena amakodza pogona atakula kale, ena sakwera sikelo ngakhale akudya. Tamenya ana ambiri chifukwa cha mphasa yonyowa ndi lipoti loipa, pamene vuto linali kukhosi. Ana a matenda a sickle cell amagwidwa ndi vutoli koposa anzawo, ndipo kwa iwo kuchepa kwa mpweya usiku n'koopsa kwambiri; ameneŵa musazengereze nawo.

Nkhani yabwino n'jakuti ana ndiwo amachira msanga. Ngati vuto lili lochepa, adokotala angapereke mankhwala opopera m'mphuno nkumuonanso patapita miyezi, pakuti ena amasintha okha akamakula. Likakhala lalikulu, opaleshoni yochotsa timinofu tija imachiza ana ambiri, ndipo makolo amadabwa kuona mwana akugona mwakachetechete, kudya bwino ndi kukula. Njira yake iyambira ku chipatala chaching'ono cha kwanu, nkupita ku chipatala cha boma cha Salima, ndipo iwo ndiwo amalemba kalata yotumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Nthambi yaikulu ya matenda a makutu, mphuno ndi kukhosi ili ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kwa zaka zingapo dziko lonse la Malaŵi linali ndi dokotala mmodzi yekha wa opaleshoni zotere, a Dr Wakisa Mulwafu, ndipo iwo ndi anzawo anaphunzitsa ena kuti nchitoyi ifalikire. Mzere umakhala wautali, choncho kalatayo muisunge bwino pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo tsiku limene akupatsani musaliphonye. Chimene tikukanizani ndithu n'kulola munthu wa pamudzi kudula kapena kukanda kukhosi kwa mwana ndi lezala kapena waya. Pakhosi pamadutsa mitsempha ya magazi, ndipo mwana angathe kutha magazi kapena kutenga matenda ena musanafike naye pa mseu.

Amayi Wapampando, nthaŵi yathu yatha ndipo tamva kuti mpunga wapsa. Tikatha kudya, ife tikhala pansi pa mtengo wa mango uwo kuseri kwa holo. Tabwera ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, sikelo ndi tepi yoyezera khosi. Amene ali ndi funso la iye mwini, la bambo a kunyumba kapena la mdzukulu abwere mmodzimmodzi, ndipo amene anatenga buku lake la kuchipatala abwere nalo kuti tilembemo zimene tapeza.